Kuwauza njira a Mwale

Chaka chimene fodya wanga anabwezedwa kawiri ku okushoni ndi chimene ndinauyamba wa ku Joni. Mabelo anakhala pamzere mpaka kuyamba kununkha chuku, ndipo pamene ankagulidwa mtima wanga unali utachokamo kale mu ulimi. Ndinasiya chigafa chili chiimire kwathu ku Lukwa, ndinasiyanso mkazi ndi mwana wakhanda. Mkazi wanga sananene zambiri. Anandikazingira mtedza wodzaza jumbo, nandiperekeza mpaka pamsewu, kenako anatembenuka basi isanafike chifukwa sankafuna kuti ndimuone akulira.

Kumene ndinkapitako ndinkadalira munthu mmodzi yekha, a Mwale a ku Chisemphere, amene mlongo wawo ankapemphera mpingo umodzi ndi apongozi anga. Ndi za iwowa zimene ndikufuna kukamba, ndi mmene anatsalira pang'ono kugona m'dothi la eni, chinthu chimene ankachiopa kuposa njala.

Ndinawapeza akundidikira padepoti atavala jekete lakuda, tayi ndi nsapato zonyezimira, chikwama cha mapepala chili kukhwapa. Mumtima ndinati Mulungu wandikumbukira, ndagwa m'manja mwa bwana. Titafika kumene ankagona ndinapeza kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya eni ake, bedi limodzi, ndi msomali umene jekete lija linkagonapo.

"Ntchito ilipo, mphwanga," anatero akuvula nsapato. "Koma malipiro palibe."

Ndinaseka, poganiza kuti akundiyesa.

"Sindikuseka ine. Ukagulitsa udya, ukapanda kugulitsa unyambita milomo. Amati komishoni."

"Nanga tikugulitsa chiyani?"

"Maliro."

Ntchito yake inali yotere. M'lokeshoni imeneyo munali bwana wina wa kampani yoika maliro. Ife tinkayenda khomo ndi khomo kukopa anthu kuti alembetse, azipereka kangachepe mwezi ndi mwezi, kuti tsiku limene wina wamwalira m'banjamo, bokosi, galimoto, tenti ndi mipando zichokere ku kampani. Munthu akalembetsa, chopereka chake choyamba chinkakhala chathu. Akasiya kulipira msanga, abwana ankatidula zomwe tinali titadya kale. Tchuthi panalibe, za chipatala panalibe. Koma panalibenso wokufunsa satifiketi, kapena wokuyang'anira kuti wadzuka nthawi yanji. Kwa mlendo ngati ine, khomo lotseguka linali lokhalo, ndipo ndinalowa.

Tsiku loyamba ndinangowatsatira a Mwale kuti ndione. Zimene ndinaona m'nyumba yoyamba yeniyeniyo sindinaziiwale. Kwathu imfa sitiitchula pa munthu amene ali moyo. Ungofunsa mkulu kuti mudzafuna bokosi lotani, mawa lake mlandu uli pabwalo, ndipo akangodwala chimfine dzina lako lili pakamwa pa mudzi wonse. Koma pamenepo mayi wina wachikulire anavala magalasi, natsegula buku la zithunzi za mabokosi, n'kuyamba kusankha ngati ali pa msika wa zitenje ku Nkhamenya.

"Loyerali ayi," anatero m'Chizulu, a Mwale akundinong'oneza tanthauzo lake. "Limaonetsa fumbi."

Mwana wawo wamkazi anaseka mpaka kutaya tiyi. Anakambirana za nyimbo, za ng'ombe yodzaphedwa, za amene asadzapatsidwe mpata wolankhula chifukwa sachedwa kuledzera. Ine thupi lonse linali tsemwe. Ndinkadikira kuti denga ligwe, koma silinagwe. Mayiyo anasaina, natipatsa mabisiketi, natiperekeza mpaka pageti. Mpaka lero ndimachita nawo chidwi anthu amenewo, kuti munthu n'kumayang'ana tsiku lake lomaliza m'maso, kapu ya tiyi ili m'manja.

Nditayamba kuyenda ndekha ndi pamene ndinadziwa kuti tayi sadyedwa. Ndinkaima pageti n'kumaomba m'manja ndi odi wanga, eni nyumba akundisuzumira pawindo ngati ndine wamisala. Ena ankangomva kalankhulidwe kanga n'kutseka chitseko. Agalu a m'lokeshoni imeneyo anandidziwa msanga kuposa anthu. Kuzizira kwa kumeneko nako si kwa Juni wathu uja, kumalowa mpaka m'mano. Masabata anadutsa ndisanalembe ngakhale munthu mmodzi, ndikudya za a Mwale, ndipo manyazi anandigwira moti tsiku lina ndinawauza kuti bola ndikafune ganyu wa m'galadeni.

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Iwe si mlimi wa fodya iwe?"

"Ndine."

"Nazale unkafesa mvula isanagwe. Ndalama unkaiona liti?"

"Nyengo yozizira."

"Pakatipo ndani ankakupatsa salale? Komishoni unayamba kudya uli mwana, mphwanga, kungoti sunkadziwa dzina lake. Anthu awa usamawathamangire. Lero wafesa, mawa wathirira. Ena adzaphuka iwe utaiwala."

Zinaterodi. Mayi wina amene anandikana katatu anandiitana yekha pamsewu mchemwali wake atamwalira, ndipo kudzera mwa iyeyo gulu lonse la amayi a mpingo wake linalembetsa. Mwezi umenewo ndinagwira ndalama imene mphunzitsi wa kwathu sangaione pakutha pa mwezi. Ndinakhala pabedi n'kumaiyang'ana, osamvetsa kuti yachokera pakamwa panga pokha, popanda khasu, popanda phula la fodya m'manja. Ndinatumiza ya malata. Mwezi wotsatira theka la amayi aja linalephera kulipira, abwana anandidula, ndipo sindinatumize kanthu. Mkazi wanga pafoni anandifunsa mwaulemu wake uja kuti, "Kodi bambo, kumeneko mwapezako wokuchapirani?" Ndinalephera kumufotokozera kuti ntchito imodzimodziyo ikhoza kukuveka ufumu lero n'kukuvula malaya mawa.

Choipa chachikulu cha ntchito imeneyi sichinali njala ayi. Chinali mwezi wamawa. Nthawi zonse unkaona ngati mwezi wamawa ndiye wabwino, ukangoukolola umenewo ukwera basi. A Mwale anali atakhala akudikira mwezi wamawa kuyambira mwana wawo Yotamu ali ku pulayimale. Khirisimasi iliyonse ankagula sutikesi n'kuyamba kulongedza, kenako wina ankawaimbira kuti abwere adzalembe banja lonse, ndipo sutikesi ija inkabwerera pansi pa bedi. Ine ndinkawaseka. Sindinazindikire kuti nanenso zaka zayamba kundidutsa chimodzimodzi.

Panali chinthu china chimene ndinkakangana nawo. Loweruka ndiye linali tsiku la malonda, chifukwa anthu ankapezeka pakhomo. Koma Loweruka lomwelo ndiye linalinso tsiku loika maliro kumeneko, ndipo a Mwale sankaphonya maliro a munthu amene anamulemba okha. Ankafika m'mamawa, n'kuvula jekete, n'kuyamba kunyamula mipando. Kumanda ankalanda fosholo kwa anyamata. Pobwera ankaima pageti ndi beseni kusambitsa anthu m'manja. Kampani sinkawapatsa kanthu pa zimenezo.

"A Mwale, tsiku lonse lapita," ndinkatero ine. "Anzathu alemba anthu, inu mwabwera ndi dothi kunsapato."

"Munthu ndinalowa m'nyumba mwake, ndinamwa tiyi wake. Ndimusiye apite ngati sindikumudziwa? Kwanu ku Lukwa mumatero?"

Manda a kumeneko ndi mzinda pawokha. Amayambira pamsewu mpaka kumene maso alekezera, mizeremizere, ndipo maliro angapo amaikidwa nthawi imodzi, nyimbo zikulowana. Tsiku lina tikudutsa kumapeto kwake, kumene kulibe miyala koma tizitsulo ta manambala, a Mwale anaima.

"Ine kuno sindidzagona," anatero. "Malo anga ali pambali pa adada ku Chisemphere. Wamva?"

"Ndamva. Ndiye bwanji osalembetsa? Ilipo ndondomeko ija yotumiza thupi kwawo kwa munthu. Mumaigulitsa nokha kwa anthu a ku Zimbabwe."

Nkhope yawo inasintha.

"Ukufuna undiphe?"

"Ayi, koma anthu onsewa mwawalemba ndinu, ndipo ambiri akadali moyo."

"Amenewo ndi eni dziko. Imfa yawo inazolowera kutchulidwa. Yathu ukaitchula imatembenuka."

Ndinaseka, koma ndinene zoona, nanenso ndinali ndisanalembetse, ndipo chifukwa chake chinali chomwecho. Amuna awiri akuluakulu, oyenda ndi zithunzi za mabokosi kukhwapa tsiku ndi tsiku, tinkaopa kulemba maina athu papepala limene tinkalitamanda pakhomo lililonse.

A Mwale anagwa m'mawa wina wozizira, pamsewu, pafupi ndi geti la Mayi Khumalo, namwino wopuma pantchito amene anali kasitomala wawo wakalekale. Mayiwo ndi amene anaitana ambulansi. Pamene ine ndinkafika kuchipatala, a Mwale anali atatisiya. Achipatala anandipatsa jekete, nsapato ndi chikwama chija. Ndinakhala pabenchi nditazikumbatira, ndipo ndinalira ngati mwana, chifukwa munthu ameneyo anali bambo anga, mchimwene wanga ndi mudzi wanga wonse m'dziko limenelo.

Ndinapita kwa abwana. Anandilandira bwino, anapukusa mutu, anati ataya munthu. Kenako anandikumbutsa zimene ndinkazidziwa kale, kuti ife sitinali antchito awo, tinali ongogulitsa, ndipo a Mwale sanalembetse. Chimene akanatha n'kupereka bokosi wamba ndi kuwaika kumanda a boma komweko. Zowolotsa thupi malire atatu sizinali zawo. Amalawi anzathu anasonkha monga timachitira, koma ambiri anali a maganyu, ndipo zimene zinapezeka sizinafike ngakhale pakati. Ku Chisemphere anali atayamba kale kusonkhana pasiwa. Kumene thupi linkasungidwa anatiuza kuti sangadikire mpaka kalekale.

Ndinasowa chochita. Koma panali ntchito imodzi imene inali isanachitike, ndipo kwathu siidumphidwa: kuuza anthu. Munthu akamwalira, onse amene ankadya naye amayenera kumva kuchokera pakamwa pa wachibale, osati kumva mphekesera. Ndinaganiza za anthu a m'misewu ya a Mwale, kuti adzangoona mlendo wabwera m'malo mwawo. Zinandiwawa. Ndiye ndinavala tayi, n'kuyamba khomo ndi khomo monga mwa masiku onse. Sindinapite kukapempha, Mulungu ndi mboni. Ndinkangoti akatsegula, ndivule chipewa, ndinjute pakhomo, ndinene m'Chizulu changa chothyokathyoka kuti, "Ndabwera kudzakuuzani kuti bambo Mwale atisiya."

Ena ankagwira pakamwa. Bambo wina woyendetsa minibasi anakhala pansi pa sitepe. Pafupifupi aliyense ankafunsa kuti maliro ali liti, ndipo ine ndinkayankha kuti sitikudziwa.

Mayi Khumalo sanakhutire ndi yankho limenelo. Anandilowetsa m'nyumba, nandifunsa mpaka ndinanena zonse.

"Sanalembetse?" anafunsa. "Mwale?"

"Kwathu timaopa, mayi."

Ndinkayembekeza kuti aseka kapena akalipa.

"Tsiku limene tinkaika mwamuna wanga kunagwa mvula," anatero. "Abale ake enieni anathawira m'galimoto. Amene anatsala ndi fosholo anali munthu uyu. Pita ukapume, mwana wanga."

Loweruka lotsatira ndinadzidzimuka ndi nyimbo. Nditatuluka m'kachipinda kaja ndinapeza bwalo la eni nyumba ladzaza, anthu afika mpaka mumsewu. Amayi a mipingo yosiyanasiyana atavala mayunifolomu awo, ofiira, abuluu, oyera. Oyendetsa maminibasi. Mayi wogulitsa mowa wa pakona. Anthu amene ananditsekerapo zitseko, amene agalu awo anandithamangitsapo, amene pa masiku oipa ankatiuza kuti tibwerere kwathu. Anaika beseni patebulo n'kuliphimba ndi nsalu, ndipo aliyense ankadutsa, n'kulowetsa dzanja pansi pa nsaluyo kusiyamo kangachepe, nyimbo ili mkati. Ine ndinangoima chilili. Ndaona misonkhano ya chitsitsimutso, ndaonanso holo ya okushoni itadzaza fodya mpaka kukhomo, koma chinthu chachikulu ngati chimenecho sindinachionepo. Abwana nawo anatulukira, ndipo ataona kuti makasitomala awo onse ali pabwalo limodzi, mtima wawo unafewa mwadzidzidzi. Bokosi labwino, kukonza thupi ndi mapepala a m'malire zinachokera kwa iwo.

Tsiku lonyamuka, bokosi lili kale m'ngolo yokokedwa ndi galimoto, Mayi Khumalo anandigwira dzanja.

"Thupi mwanyamula. Nanga iyeyo mwamutenga?"

Sindinamve chimene ankatanthauza. Ananditengera pamalo paja a Mwale anagwera. M'manja anali ndi kanthambi ka mtengo waminga, umene kwathu timati kankhande. Anandifotokozera kuti kwawo munthu akafera kutali, wachibale amapita pamene wagwerapo ndi kanthambi koteroko, n'kumuitana, n'kumuuza njira yonse mpaka kwawo, kuti asatsale akuzungulira m'misewu ya eni.

"Uzimuuza chilichonse. Mukamakwera, mukamawoloka mtsinje, mukamakhota. Usatembenuke kuyang'ana m'mbuyo. Ukafuna kulankhula ndi munthu wina, uyambe wamupempha kuti adikire. Ukangomusiya osamuuza, asochera."

Ine ndinakulira m'kalasi ya katekisimu, ndipo ndinadziwa kuti akulu a mpingo kwathu sangakondwe nazo. Koma mayi ameneyu anali atasonkhanitsa lokeshoni yonse chifukwa cha mlendo. Ndinagwada pamsewupo, anthu akuona, n'kugunditsa kanthambi pansi.

"A Mwale, ndine mphwanu wa ku Lukwa. Dzukani, tizipita kwathu."

Nditangotero mtima unakhala pansi kwa nthawi yoyamba chimwalirireni iwo.

Ndinawauza njira yonse. Poyamba ndinkachita manyazi ndi dalaivala, yemwe anali Mmalawi mnzathu, koma iye anangotsitsa wailesi. Ndinawauza titatuluka mumzinda. Ndinawauza tikuwoloka Limpopo. Pachipata chilichonse ndinkati, "Dikirani pang'ono a Mwale, ndilankhule ndi a boma," ndipo wapolisi wina wa ku Zimbabwe ataona kanthambi kaja anavula chipewa n'kutiuza kuti tidutse. Pa mlatho wa ku Tete ndinawauza kuti ayang'ane kukula kwa Zambezi, chifukwa popita anadutsapo ali mtulo ndipo ankadandaula nazo. Pakati pa malo ndi malo ndinkangocheza nawo. Ndinawauza amene anabwera Loweruka lija, mmodzimmodzi, ndi nyimbo zimene anaimba. Titalowa pa Dedza ndinati, "Kuno ndi kwathu tsopano," ndipo dalaivala anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya.

Titawoloka Bua dziko linatambasuka monga limachitira kwathu, lathyathyathya, zigafa zili mbuu m'minda yokololedwa, phiri la Kasungu likuonekera patali lokhalokha. Ndinawauza zonsezo. Tinapitirira boma, tinasiya tala, mpaka tinapeza masamba atayalidwa pamsewu ndi anthu atakhala m'mbali.

Pagulupo panali mkazi wanga, amene anabwera kuchokera ku Lukwa. Pambali pake panaima kamtsikana kovala yunifolomu ya sukulu, kakundiyang'ana ngati mmene ankandiyang'anira anthu a pawindo aja. Anali mwana ndinamusiya kumsana uja. Sindikanatha kuwalonjera, kanthambi kanali kadakali m'manja. Ndinangowagwedezera mutu.

Galimoto sinathe kufika pakhomo. Msewu wakale unali utalimidwa, ndipo banja linali litasamukira kuseri kwa dambo. Amuna anatsitsa bokosi kuti alinyamule pamapewa. Patsogolo pawo panabwera mwamuna wandevu, wamapewa otambalala, maso ali gwa. Anali Yotamu.

"Dikirani pang'ono a Mwale," ndinanong'ona, kenako ndinamupatsa moni.

"Mwatibweretsera bokosi lokongola," anatero, mawu ali ozizira. "Zaka zonsezi amama akhala akumva za mwezi wamawa. Mwezi wake ndi uno?"

Anthu anaweramitsa mitu. Mnyamatayo sankanama. Maso ake anagwera pa dzanja langa.

"Nanga icho n'chiyani?"

Ndinamufotokozera mwachidule za Mayi Khumalo, za anthu a m'lokeshoni, ndi za mwambo wawo. Mkulu wina wa mpingo anakhosomola.

"Ndawauza njira kuchokera pamene anagwera mpaka pano," ndinatero. "Koma kuyambira apa sindikuidziwa. Nawonso sakuidziwa, nyumbayo sanaionepo. Pakufunika wina woidziwa."

Ndinatambasula dzanja. Yotamu sanasunthe. Onyamula bokosi anadikira, amayi anasiya nyimbo. Kenako analandira kanthambi kaja mosamala, kupewa minga, natembenukira kunjira. Anayenda pang'ono, bokosi likumutsatira. Atafika pamphambano anaima, ndipo mawu ake anatuluka aang'ono, ngati a mwana wa ku pulayimale.

"Adada, ndine Yotamu. Nyumba munaisiya ija inagwa. Tikhotera kumanja, muponde bwino pali matope. Amama akukudikirani pakhonde."